Musanagule tikiti ya ku Denver, tamverani kaye izi

Msuweni wanga wa ku South Bend wandiimbira foni kuti akufuna kubwera kuno ndi amayi ake, mayiwo adzaone mapiri a Colorado asanabwerere kumudzi. Funso lake linali lakuti, "Achimwene, hotelo yotchipa ili pati?" Ndisanamuyankhe n'komwe, Lamlungu kutchalitchi tinamva za banja lina la kwathu lomwe linatsika ndege usiku, ana kumanja, n'kukafika pa nyumba yomwe analipira kale dipoziti ndi lendi ya sabata yonse. Anagogoda. Anatsegula ndi mayi wina atavala zogonera, galu akuuwa kumbuyo kwake, ndipo za alendo mayiyo sankadziwa kanthu. Nambala ya amene analandira ndalama uja inali itazima kale. Ndiye ndaona kuti m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndingolemba kamodzi, aliyense amene akubwera adziwerengere yekha.

Za viza sindikambapo zambiri, mukuzidziwa kuposa ine. Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, pomwe anayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, zinthu zangopitirira kukhwima. Ndinene chimodzi chokha: chikolecho chimapita ku boma la America mwachindunji, ndipo mumalipira pokhapokha a ku embase atakuuzani. Wina aliyense amene akuti mumupatse iyeyo kuti akakukonzereni, ameneyo ndi mbava. Amene ndikulankhula nanu pano ndi inu amene mapepala muli nawo kale, kaya mukuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis, kaya ku Indiana, ku Texas, ku Manchester kapena ku Joni.

Mzinda uno suluma tsiku lomwelo. Denver ndi waukhondo, misewu ndi yotakata, kumwamba kuli ngwee, anthu amakumwetulirani pa basi. Zopweteka zake zimabwera pambuyo. Mutu umayamba usiku, kalata ya ngongole imafika patatha mwezi, ndipo funso lomwe lingakutsekereni America yense mudzalimva chaka chamawa pa bwalo la ndege.

Choyamba ndi malo ogona. Akathyaliwa amatenga zithunzi za nyumba yomwe ikugulitsidwa kwina, n'kuziika pa intaneti ndi mtengo wotsika mokopa. Mukafunsa amayankha mwaulemu, ena mpaka kutchula dzina la Mulungu, ati iwo ali kunja kwa mzinda pa ntchito ya mpingo ndipo makiyi mudzawapeza m'kabokosi pakhomo. Kenaka akuti tumizani lero lomwe pa Zelle kapena Cash App chifukwa pali winanso akuifuna. Ndalama ikapita mwa njira imeneyi, kuibweza n'kovuta zedi. Mzinda wa Denver uli ndi lamulo lakuti wochititsa lendi nyumba kwa masiku osakwana 30 akhale ndi laisensi, nyumbayo ikhale yomwe iyeyo amakhalamo, ndipo nambala ya laisensiyo ioneke pa chilengezo chake. Mukapanda kuiona, funsani. Akayamba kuzungulira, thawani. Ngati muli ndi m'bale kuno, mutumeni akaone chitsekocho ndi maso ake musanatulutse kalikonse.

Hotelo nazo zili ndi zake. Pofika amatsekereza ndalama ina pa khadi yanu kuwonjezera pa mtengo wa chipinda, ati ya zinthu zomwe mungawononge. Ngati khadiyo ndi ya ndalama zanu zenizeni za m'banki, osati ya ngongole, ndalamayo imatha kukhala yotsekeka masiku angapo mutatuluka kale, inu mulibe ya chakudya. Onaninso mapu. Bwalo la ndege lili makilomita pafupifupi 40 kuchokera pakati pa mzinda, ndipo hotelo zambiri zolembedwa kuti zili pafupi ndi bwalo zili patchire, popanda sitolo yoyenda wapansi. Timahotela totchipa kwambiri ta m'mbali mwa Colfax Avenue musatisankhe pongoona mtengo. Colfax ndi msewu wautali kwambiri, mbali ina yabwino, mbali ina usiku mumakumana ndi anthu omwe fentanyl, mankhwala ozunguza bongo, inawamaliza kale. Kumeneko sindingagoneke mayi wachikulire.

Kuchoka pa bwalo la ndege kulibe vuto. Kwerani sitima ya A Line, madola 10, mphindi 37 muli pa Union Station.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa anthu amandiseka ndikanena, ndi mpweya. Denver ali pa mtunda wa mamita 1,609 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu wa ku Dedza anganene kuti nanga chachilendo n'chiyani, ndipo akunena zoona, boma la Dedza lili pa mtunda wofanana ndi umenewu. Wa ku Lilongwe kapena Blantyre, amene wazolowera mamita 1,000 ndi kakuti, amangomva kaphuma pang'ono pokwera masitepe. Koma inu amene mwakhala zaka ku Indiana, ku London kapena ku Cape Town, thupi lanu linaiwala kale. Ndipo vuto lenileni si Denver. Vuto ndi lakuti mlendo aliyense akafika Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa akufuna ali kumapiri. Mukatenga msewu wa I-70 kulowera kumadzulo, pa ola limodzi lokha mumakhala mwafika pa Eisenhower Tunnel, pomwe msewu umaboola phiri, mamita 3,400. Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo amene amakwera kumeneko amatenga masiku, thupi likuzolowera pang'onopang'ono. Kuno mumapitirira Sapitwa muli pa mpando wa galimoto, mukudya tchipisi. Tauni ya Breckenridge, komwe anthu amakagona, ili pa mamita oposa 2,900. Nsonga ya Pikes Peak, komwe galimoto imafika ndithu, ili pa 4,302.

Zizindikiro zake ndi mutu wogunda, nseru, kusowa tulo, kufooka, mtima kuthamanga. Gonani mu Denver usiku umodzi kapena uwiri musanakwere. Imwani madzi ngakhale musakumva ludzu, chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma moti milomo imang'ambika, ena amatuluka kamfuno, ndipo khungu limatuwa ngakhale mudzole bwanji. Mowa usiyeni kaye tsiku loyamba. Munthu akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka, kapena kutsokomola kosalekeza akupuma movutikira, musamugoneke kuti aona m'mawa. Mutsitseni kumunsi nthawi yomweyo n'kupita naye kuchipatala. Achikulire a BP, a mtima ndi a mphumu, dokotala wawo adziwe za ulendowu asananyamuke, ndipo mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja.

Pali zinthu ziwiri zokhudza ifeyo zomwe otsatsa maulendo sangakuuzeni. Choyamba ndi sickle cell. Ambiri kwathu tili ndi kachidutswa ka matendawa m'magazi, tinatengera kwa kholo limodzi, sitidwala ndipo sitidziwa n'komwe. Pa mtunda wautali, makamaka munthu akamagwiritsa ntchito thupi mwamphamvu, magazi otere amatha kutseka mitsempha ya kapamba. Mu 2007 wosewera mpira wachimerika wa timu ya Pittsburgh Steelers, Ryan Clark, anadwala atasewera kuno ku Denver, mpaka anamuchotsa kapamba ndi ndulu, ndipo timu yake ikabwera kuno iye sankaseweranso. Ameneyo anali munthu wamphamvu, wokhala ndi madokotala omuzungulira. Ndiye ngati m'banja mwanu muli mbiri ya matendawa, kayezetseni. Mukamva kupweteka kwambiri kumanzere, pansi pa nthiti, muli kumapiri, musati ndi mpweya wa m'mimba. China ndi malungo. Amene mwangochoka kumene kumudzi, mutu ndi kuphwanya kwa thupi musangozikankhira ku mapiri. Kutentha thupi kukabwera, muuzeni dokotala poyambirira penipeni kuti mwachokera kudziko la malungo, chifukwa kuno sangaganize zimenezo payekha msanga.

Poti tafika pa chipatala, ndiloleni ndipume kaye mokwiya. Mlendo wanga wina anadwala mutu usiku, ndipo tinalowa pa kanyumba kena kooneka ngati kachipatala wamba, m'mbali mwa masitolo. Anamuika diripi ya madzi, anamupatsa mapiritsi, tinatuluka tikuthokoza. Patatha milungu kunabwera kalata ya madola opitirira chikwi, kenaka ina ya dokotala payekha, kenaka inanso ya zoyeza magazi. Mwini matendayo anali atabwerera kale, makalata akufikira pa adiresi yanga. Kuno ku Colorado kuli zipatala zambiri zoima pazokha zomwe kunja zimaoneka zazing'ono koma zimalipiritsa mitengo ya chipinda cha matenda a kayakaya. Werengani chikwangwani. Pakalembedwa Emergency, mtengo ndi umenewo. Za chimfine, mutu wamba ndi zilonda zazing'ono pitani ku Urgent Care ndipo funsani mtengo musanakhale pansi. Ambulansi nayo ndi yolipira. Sindikuti muziopa kuimba 911 moyo ukakhala pa chiswe, ayi, imbani, ndipo lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kuthandiza wodwala mwakayakaya ngakhale alibe ndalama. Koma bilu imatsatira. Gulani inshulansi ya paulendo musananyamuke, makamaka ya makolo. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe ndaona ine.

Chachitatu, chamba. Anyamata athu amafika kuno maso ali tong'o. Masitolo a chamba ali paliponse, ena ndi chizindikiro cha mtanda wobiriwira, oyera bwino, wogulitsa akukufotokozera mitundu yake mwaulemu. Anthu a ku Colorado anavota mu 2012 kuchiloleza, ndipo kugulitsa kunayamba pa 1 Januwale 2014 kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo. Zonsezi n'zoona, koma si zanu. Lamulo limenelo ndi la Colorado. Viza yanu, green card yanu ndi pempho lanu la unzika zili m'manja mwa boma lalikulu la ku Washington, ndipo kwa iwo kusuta chamba mwachisangalalo ukadali mlandu. Sipafunika kuti achite kukugwirani nacho. Wa zolowa ndi kutuluka akakufunsani ngati munasutapo, inu n'kuvomera, zimenezo zokha zikhoza kukuletsani kulowanso. Mukanama, ndi mlandu winanso. Amathanso kutsegula foni yanu pa bwalo la ndege, ndiye kachithunzi kaja mukumwetulira pakhomo pa sitolo ya chamba kadzakuyankhirani. Mu 2019 a USCIS, nthambi ya boma yoona za green card ndi unzika, analemba poyera kuti ngakhale kugwira ntchito m'makampani a chamba ovomerezeka ndi Colorado kukhoza kulepheretsa munthu kupeza unzika. Musalowe, musajambulitse, musanyamulire wina. Ku mapaki a boma lalikulu ndi pa bwalo la ndege n'choletsedwa kwa aliyense, ngakhale mbadwa.

Ndipo amayi, chenjerani ndi maswiti. Chamba cha kuno chimabwera m'maswiti ofewa, m'chokoleti, m'mabisiketi ndi m'zakumwa. Pa phwando, kapena m'nyumba ya lendi momwe alendo ena anasiya zinthu m'kabati, mwana asatole chilichonse chomwe simunagule nokha.

Tsopano galimoto. Apa pali maphunziro angapo, muwawerenge nokha. Kampani ina yobwereketsa galimoto inadula khadi ya mlamu wanga katatu atabwerera kale, ndipo titaimba foni anatizunguza mpaka tinatopa. Nkhani yake inali msewu wa E-470, womwe umadutsa pafupi ndi bwalo la ndege. Ndi msewu wolipira, koma musayembekezere geti ngati la pa Chingeni pomwe mumaima n'kupatsidwa risiti. Makamera amangojambula nambala, bilu n'kupita kwa mwini galimoto, ndipo obwereketsa amawonjezerapo yawo. Mapu a pa foni amakonda kukulowetsani mmenemo chifukwa ndi mwachidule. Auzeni apewe misewu yolipira, mudzere Peña Boulevard n'kulowa I-70, ulere. M'misewu ikuluikulu mulinso mizere ya Express kumanzere, yolipiranso, ndipo mukalowa kapena kutuluka podumpha mizere yoyera yosadukiza, kamera imakulemberani madola 75.

Kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 31 Meyi, pa I-70 pakati pa Morrison ndi Dotsero pamagwira ntchito lamulo la matayala. Galimoto ikhale yokoka ndi matayala onse anayi, komanso ikhale ndi matayala oyenera sinowo osatha mano, apo ayi mukhale ndi matcheni. Obwereketsa amangokupatsani kagalimoto kotchipa komwe mwasankha. Funsani. Potsika mapiri gwiritsani giya yotsika, musapondereze buleki njira yonse, imapsa. Loweruka m'mawa popita ndi Lamlungu masana pobwerera, nthawi ya masewera a pa sinowo, msewu umenewu umadzaza moti ulendo wa ola limodzi umasanduka wa maola atatu. Kunena zoona, ngati simunayendetsepo pa sinowo, komanso mukulimbana ndi kuyenda mbali ya kumanja, isiyeni galimoto. Pa Union Station pamanyamuka mabasi a Bustang opita kumapiri, ndipo ya ku Boulder, Flatiron Flyer, imayenda pafupipafupi.

Musasiye galimoto ikulira panja inu muli m'nyumba kudikira kuti itenthe. Kuno n'koletsedwa, komanso akuba amadikira zomwezo m'mawa wozizira. Mu 2022 Colorado inali patsogolo m'dziko muno pa kubedwa kwa galimoto poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Chikwama, pasipoti ndi laputopu zisatsale pa mpando ngakhale kwa mphindi zisanu.

Apolisi akakuimitsani, imani kumanja, khalani momwemo, tsitsani galasi, manja pa chiwongolero. Osatuluka kukawachingamira ngati kwathu, osayamba kufufuza m'matumba asanakuuzeni, ndipo za ya fanta musayerekeze n'komwe, mukagona mkati. Mowa m'magazi ukangopitirira 0.05 ku Colorado ndi mlandu kale, ndipo mlandu wotere umatha kugwetsa viza. Ife a ku Aurora, mzinda woyandikana ndi Denver, timakumbukira Elijah McClain, mnyamata wakuda wa zaka 23 amene anamwalira mu Ogasiti 2019 ataimitsidwa ndi apolisi akuchokera ku sitolo wapansi. Sindikukuopsezani. Ndikungoti mawu anu akhale ochepa ndi odekha, zotsutsana mukazinene kukhothi.

Chachisanu kapena chachisanu ndi chimodzi, kaya, ndi nyengo. Dzuwa la kuno limanama. Mumasuzumira pa windo kuli ngwee, mumatuluka ndi shati, n'kupeza kuti kunja madzi aundana. Pa 22 Disembala 2022 kuzizira kunafika madigiri 31 pansi pa ziro pa bwalo la ndege, pomwe dzulo lake masana anthu ankayenda ndi juzi wamba. Marichi, mwezi womwe mlendo amaganiza kuti chisanu chatha, ndi umodzi mwa miyezi ya sinowo wambiri, ndipo amatha kugwa ngakhale mu Meyi. Valani zovala zosanjikiza kuti muzivula ndi kuvala tsiku lomwelo. Jekete la pa kaunjika ndi labwino, koma magolovesi, chipewa chophimba makutu ndi nsapato zosaterereka ndizo zimapulumutsa. Madzi oundana pa msewu wa oyenda pansi saoneka, ndipo mafupa a achikulire sachedwa. Mu Meyi ndi Juni kumagwa matalala oswa magalasi. A pa 8 Meyi 2017 anawononga katundu wa madola oposa 2 biliyoni, mpaka msika waukulu wa Colorado Mills unatsekedwa miyezi. Ngati mwabwereka galimoto nyengo imeneyo, funsani ngati inshulansi yake ikukhudza matalala. Manambala a kutentha pa TV ndi a Fahrenheit, ndiye akati 32 musavale kabudula, pamenepo ndi pomwe madzi amaundana.

Za ndalama za tsiku ndi tsiku, amene muli kale m'America mukudziwa. Kwa ochokera kumudzi, mtengo wolembedwa pa katundu si umene mulipire, msonkho wa pafupifupi 9 pa 100 amawonjezera pa kauntala. M'malo odyera momwe akukuperekerani chakudya patebulo, siyani tipu ya 18 kapena 20 pa 100. Jumbo ya pepala m'sitolo ndi masenti 10.

Tsopano ndilankhule za ife amene mumafikira kwathu, ndipo wina akwiye ngati akufuna. Ambiri a ife kuno timagwira ntchito yosamalira okalamba, m'nyumba zosungira katundu, kapena kuyendetsa Uber. Timalipidwa pa ola. Tsiku lomwe ndakutengani kupita ku Estes Park ndi tsiku lomwe sindinalandire kanthu, mafuta ndathira ine, chakudya cha panjira ndagula ine. Ndimachita ndi mtima umodzi, ndinu abale anga. Koma ndinasungapo munthu amene anati akhala sabata, nakhala mpaka nyengo inasintha. Ine ndikuchokera ku shifiti ya usiku, maso ali psuu, iye wavala kale ali pa sofa, "Lero tikuona kuti?" Anatenga galimoto yanga osandiuza, anadzera m'misewu yolipira, anaimika malo oletsedwa, ndipo makalata onse anabwera m'dzina langa. Anapatsa adiresi yanga kwa mnzake wina amene sindimudziwa n'komwe kuti alembe pa mapepala ake. Mwini nyumba yomwe ndimachita lendi anandilembera chenjezo, chifukwa mgwirizano wa lendi kuno umanena masiku omwe mlendo angakhale. Atachoka, ngakhale uthenga woti ndafika bwino sunabwere. Ndinangomva kwa anthu akumudzi kuti ankanena kuti ndine woumira. Amati mlendo ndi mame, koma mame enawa amafika masana osauma.

Ndiye mukamabwera, nenani tsiku lofika ndi tsiku lochoka, ndipo tikiti yobwerera tiione. Funsani masiku omwe mwini nyumba sagwira ntchito musanagule tikiti, osati mutagula. Thirani mafuta kamodzi osadikira kupemphedwa. Adiresi ya munthu musaipereke kwa wina. Ndipo akakuuzani kuti lero kwerani basi nokha, si nkhanza.

Chakudya chisakudetseni nkhawa. Ku Aurora, makamaka m'mbali mwa Havana Street, kuli masitolo a anthu a ku Ethiopia, a kumadzulo kwa Africa, a ku Korea ndi a ku Mexico, ndipo ufa woyera, nyemba, therere, nyama ya mbuzi ndi chambo cha kuno chomwe amachitcha tilapia zimapezeka. Chenjerani ndi ufa wa ku Mexico wolembedwa masa. Ndi wa chimanga ndithu, koma chimangacho amachiphika kaye ndi laimu, ndipo nsima yake imatuluka ya fungo lina, yomata. Pa mtunda uno madzi amawira pa madigiri 95, osati 100, choncho nyemba zimachedwa kupsa ndipo phala la nsima lipatseni nthawi yokwanira musanayambe kuthira ufa, apo ayi mudya yosapsa. Amene mukunyamula usipa, ufa kapena chambiko, nenani zonse pa bwalo loyamba lomwe mwalowera m'America. Akafuna kutaya ataye okha. Nyama, zipatso zaziwisi ndi mbewu musanyamule. Pa bwalo lomwelo mumatenganso zikwama zanu n'kuzipereka kachiwiri, sizidzilondola zokha mpaka ku Denver.

Zoti muone zilipo, ndipo zambiri ndi zaulere. Red Rocks, bwalo la zoimbaimba la pakati pa miyala yofiira ku Morrison, masana kukakhala kulibe chochitika mumalowa osalipira, koma masitepe ake akuphunzitsani za mpweya ndanena zija. Nyumba ya malamulo ya Colorado ya denga lagolide ili ndi sitepe yolembedwa kuti mwafika pa mtunda wa mailo imodzi. Pa 16th Street pamayenda basi yaulere kuchokera pa Union Station. Ku Rocky Mountain Arsenal mumaona njati za kuno muli m'galimoto, ulere. Mukasochera, yang'anani mapiri, kumeneko ndi kumadzulo.

Ku Rocky Mountain National Park kokha musangodzuka n'kupita. Kuyambira 2020, miyezi yotentha amafuna kuti musungitsiretu nthawi yolowera pa Recreation.gov, ndipo ndaonapo anthu akubwezedwa pa geti atayenda ulendo wonsewo. Kuyambira Januwale 2026, amene si okhala m'America amalipira madola 100 owonjezera munthu aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndiye banja la anthu anayi liwerengeretu. Msewu wa pamwamba, Trail Ridge Road, umafika mamita 3,713 ndipo umatsekedwa nyengo yonse ya sinowo. Mu Julayi ndi Ogasiti mphenzi zimayamba masana, choncho nyamukani m'mamawa kuti pofika 12 koloko mukhale mukutsika. Nyama zikuluzikulu za nyanga zotchedwa elk zimayendayenda m'tauni ya Estes Park, pa kapinga ndi pakati pa magalimoto, ndipo anthu amaziyesa zoweta. Mu Sepitembala ndi Okutobala zamphongo zimalusa, mu Meyi ndi Juni zazikazi zimateteza ana. Lamulo la pakiyo ndi kutalikira mamita 23. Chithunzi cha pa Facebook chisakutengereni kuchipatala chomwe ndakamba chija. Netiweki ya foni kumapiri imasowa, ndiye mapu muwasunge m'foni musananyamuke, ndipo wina wotsala m'tauni adziwe komwe mwalowera.

Chomaliza, tsiku lomwe muyenera kutuluka m'dziko muno si lomwe lalembedwa pa viza. Ndi lomwe lili pa I-94, fomu yosonyeza kulowa kwanu m'dziko, ndipo imeneyi mumaiona pa intaneti, pa tsamba la CBP, nthambi yoona za m'malire, polemba nambala ya pasipoti. Ioneni tsiku lomwe mwafika. Amene munalipira chikole, kupitirira tsikulo ndiye kuti ndalama ija yapita, pamodzi ndi mwayi wodzabweranso. Wina akakunong'onezani kuti kuli kaganyu kolandira pamanja, kumbukirani kuti viza yoyendera siilola ntchito, ndipo amene akukuitaniraniyo sadzakhalapo tsiku lofunsidwa. Pobwerera fikani pa bwalo la ndege maola atatu ndege isananyamuke, chifukwa mukadutsa pofufuza mumakweranso kasitima ka pansi kupita ku mageti, ndipo mizere ya m'mawa ndi yaitali. Chikwama mupakire nokha, ndipo katundu wa munthu wina woti mukapereke kumudzi mumutsegule pamaso pake musanamulandire.